Mutu wa Phungu Wometedwa Mbali Imodzi

A Lumo anayamba kumeta anthu iwo eni asanamere ndevu. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, ndipo linawakanirira mpaka akazi awo omwe ankawaitana lomwelo akakwiya. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wina wosoka zovala. Munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, benchi ya odikira, galasi lochita mawanga m'makona, ndi wailesi ya kanema imene anaipachika pamwamba pa chitseko kuti wometedwa aziionera pagalasi. Choncho nkhani zonse za dziko zinkafika m'shopumo zitatembenuka, wa kumanja ali kumanzere, ndipo palibe amene anadandaulapo.

Bambo awo atamwalira, a Lumo anasiya sukulu kuti mng'ono wawo asasiye. Nkhaniyi iwo sankaikamba. Ankaikamba ndi anthu ena, makamaka pa nthawi ya kampeni. Mng'onoyo anakhala mphunzitsi, kenako mlembi wa bungwe la aphunzitsi, kenako phungu wa dera lomwelo. Analowa m'Nyumba ya Malamulo kudzera m'chipani cholamula, koma sanachedwe kuchitopetsa. Boma litafuna kuti odwala azilipira m'zipatala zake, iye anakana. Litafuna kugulitsa kampani ya madzi, anakana. Litafuna kuti apolisi aziletsa misonkhano popanda kufunsa khoti, anakananso, ndipo chipani chinamuchotsa. Pa chisankho chotsatira anaima payekha n'kupambana. Kuyambira pamenepo anthu anamutcha a Ayi.

Woonera patali angaganize kuti a Lumo ankanyadira mavoti amenewa. Ankanyadira munthuyo, osati mavoti ake. Iwo anali munthu wa boma, lililonse limene lilipo, monga mmene ena amakhalira anthu a tchalitchi posayang'ana m'busa amene watumizidwa. Ankakhulupirira kuti amene ali pamwamba amaona patali, ndiponso kuti dziko silingayende aliyense akamakana. Pa nkhani ya zipatala anagwirizana ndi boma, ati chinthu chaulere sichisamalidwa. Pa nkhani ya madzi analibe maganizo, koma anagwirizana nalo ndithu.

Abale awiriwa ankakumana malo amodzi okha, pampando uja. Phunguyo sankametetsa kwina, ndipo ankabwera m'mawa wa tsiku lililonse la voti yaikulu, chifukwa mayina akamaitanidwa limodzilimodzi kamera imaima pankhope ya woyankha.

"Lero ukukakana chiyani, Olemekezeka?" ankafunsa a Lumo uku akukutumula nsalu.

"Sindinaganize, achimwene. Ndikaona chimene abweretse."

"Iwe atati tikuwonjezere zaka za moyo ukhoza kukana."

"Ndingayambe ndafunsa kuti azichotsa kwa ndani."

Koma nsalu ikangomangidwa m'khosi, nkhani zoterezi zinkatha. A Lumo anali ndi lamulo limodzi la ntchito, limene sanaliphunzire kwa wina aliyense. Ankati munthu ukamufunditsa nsalu n'kulowetsa makina m'tsitsi lake, wamumanga: sangadzuke, sangatembenuke, ndipo iwe uli ndi chitsulo pafupi ndi khutu lake. Munthu wotere ungamuseke, ungamunamize za mpira, koma sungamupemphe kanthu. Pampandopo panakhalapo madokotala, oweruza milandu, ngakhale mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene inakaniza malo mwana wawo wamkazi. Onse anadzuka osapemphedwa kalikonse.

Kenako boma linabweretsa bilu yopatsa nduna mphamvu yogwetsa timashopu ta m'mbali mwa misewu ikuluikulu, eni ake osapatsidwa mwayi wopita kukhoti. Cholinga chinali kukulitsa misewu ndi kumanga nyumba zamalonda zosanjikizana. A Lumo anaona zithunzi zake pa kanema ndipo anazikonda. Zinawatengera nthawi kuzindikira kuti msewu wokongola wa pachithunziwo unkadutsa pamene panali benchi yawo.

Aphungu ena a boma ankakayika, ndipo zinkamveka kuti voti idzakhala yopanikiza. Masana ena kunabwera mkulu wina wa chipani cholamula, amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti aphungu akuvota monga auzidwira. Analibe tsitsi loti n'kumeta, koma anakhala pampando. Lamulo la a Lumo linkaletsa wometa kupempha. Za wometedwa silinanenepo kanthu.

"Bambo, inu ndinu athu, timakudziwani," anatero mkuluyo. "M'nyumba yatsopano ija mudzakhala zipinda zapansi zoyang'ana kumsewu. Chimodzi chikhoza kukhala chanu."

"Zikomo, bwana. Weramani pang'ono."

"Sitikunena kuti mng'ono wanu avomere. Ameneyo ngakhale dzina lake amayankha monyinyirika. Angodwala tsiku limenelo. Chimfine chokha basi. Akapanda kuimirira iye, okayikawo asowa womutsatira."

A Lumo anamupaka sipiriti m'khosi, wochuluka kuposa mmene zinkafunikira.

Kunyumba anafotokozera akazi awo, amene anawapeza akusita zovala.

"Ndiye chikukuvutani n'chiyani?" anafunsa mayiwo. "Alamu angawo munawalera ndinu. Chimfine cha tsiku limodzi angakukanizeni?"

"Sindinamupemphepo kanthu."

"N'chifukwa chake sangakane. Pa msinkhu wanuwu mukayambira pati? Muzikameta pansi pa mtengo?"

"Ndikamuona kunyumba kwake."

"Kunyumba kwawoko mwakhala mukupita kuyambira chaka chatha, pakamwa pokha."

Mayiwo sananame. A Lumo sankadziwa kulankhula ndi mng'ono wawo m'chipinda chochezera, atakhala pa sofa, m'manja mulibe kanthu. Anapitako ndithu sabata imeneyo. Anamwa tiyi, anayamikira maluwa a pabwalo, n'kubwerera. Anayesa foni, koma atamva mawu ake anangomufunsa za bondo limene linkamuvuta. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulankhula ndi anthu ataima kumbuyo kwawo, akuwaona pagalasi, nkhope yeniyeni imamusowetsa mawu.

M'mawa wa tsiku la voti phunguyo anafika atavala suti yake yotuwa, nakoleka jekete pamsomali. Pabenchi panali wokonza mafoni uja, amene ankakonda kudzacheza makasitomala ake akasowa. A Lumo sanafunse funso lawo la masiku onse. Anali atakonza zoti alankhule nsalu isanamangidwe, koma anangozindikira kuti manja awo aimanga kale. Anaganiza zodikira mpaka amalize, koma ankadziwa kuti nsalu ikachoka mng'ono wawo adzatembenuka n'kuwayang'ana. Anayamba mbali ya kumanzere, kuchokera pakhutu kukwera m'mwamba. Mbaliyo itayera, anazimitsa makina.

"Ukuoneka ngati sukupeza bwino," anatero.

"Ine? Ndili bwinobwino."

"Ukanapuma lero. Tsiku limodzi dziko silingagwe."

Phunguyo anawayang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali.

"Anabwera kuno eti?"

"Anabwera kudzametetsa."

"Wadazi uja?"

Wokonza mafoni anaseka, kenako anazindikira kuti waseka yekha, natuluka.

"Akulonjezani chipinda," anatero phunguyo. "Nanga mayi osokawa? Nanga watulukayu? Msewu wonsewu ndi anthu amene anandituma, achimwene."

"Iwowo anakutuma ku Nyumba ya Malamulo. Kusukulu anakutumiza ndani?"

Mawu amenewa a Lumo anali asanawanenepo chiyambire, ndipo anadabwa mmene anatulukira mosavuta, ngati zaka zonsezi anangokhala pakhomo kudikira. Mng'ono wawo anapititsa manja kumbuyo kwa khosi, anamasula yekha mfundo ya nsalu, anaipinda bwinobwino n'kuiika pampando. Kenako anatenga jekete yake.

"Sindinamalize," anatero a Lumo. "Khala pansi. Ukufuna anthu akakuseke?"

"Ndikakhala pansi ndivomera, achimwene. Inunso mukudziwa kuti ndivomera."

Anatuluka, nalowa m'galimoto mwake.

Masana shopu inadzaza ndi eni timashopu ta mumsewumo, onse maso ali pa kanema. Mayina anayamba kuitanidwa. Kamera itafika pa a Ayi, Nyumba yonse inafa ndi phwete. Mbali imodzi ya mutu inali yoyera ngati ya msilikali wongolembedwa kumene, ina ili chiimire ndi imvi zake. Phungu wina wa boma anaimirira kufunsa Sipikala ngati malamulo a kavalidwe amalola munthu kubwera ndi mitu iwiri. Sipikala, akudzigwira kuti asaseke, anati malamulowo amangonena za tayi. Mng'ono wa a Lumo anadikira kuti phokoso lizizire, anati, "Ayi," ndi mawu ake a masiku onse, n'kukhala pansi.

A Lumo anaonera zonsezi atafulatira anthu. Chimene chinayamba kuwapweteka sichinali voti. Unali mzere. Pamene makina anaimira panatsala mzere wokhota, ndipo tauni yonse inkadziwa amene amameta mutu umenewo. Chachiwiri chinawafika pang'onopang'ono, anthu atayamba kubalalika: munthu amene ankakana nduna ndi chipani popanda kuphethira anali atalephera kuwakana iwo, ndipo anaona kuti n'chapafupi kusekedwa ndi dziko lonse.

Aphungu angapo okayika aja anamutsatira, koma sanakwane. Bilu inadutsa. Pasanapite nthawi anthu a khonsolo anabwera ndi penti yofiira, nalemba mtanda pachitseko chilichonse mumsewumo. Mkulu wa chipani uja sanaonekenso, ndipo za chipinda choyang'ana kumsewu palibe anazitchulanso. Akazi a a Lumo anangoti, "Mwaona," kamodzi kokha, kenako anayamba kufunafuna makatoni.

Masiku onsewo phunguyo ankayenda ndi mutu womwewo. Akanatha kukametetsa m'shopu ina iliyonse. Anyuzipepala anamujambula, ana a sukulu ankamuloza, anzake a m'Nyumba anamubweretsera zisoti. Phunguyo anabwera tsiku limene a Lumo ankalongedza. Mpando unali utatulutsidwa kale pakhonde, ndipo galimoto yonyamula katundu inali itaima m'mbali mwa msewu.

"Ndabwera, achimwene."

"Ndatseka."

"Ndaona. Koma alamu anu anena kuti ndisalowenso m'nyumba chonchi."

A Lumo anauyang'ana mutuwo. Mbali yometedwa ija inali itayamba kumera, ina itakula mopanda dongosolo. Kwa munthu wa ntchito yawo chinali chinthu chovuta kuchiyang'ana.

"Magetsi adula kale," anatero.

"Sizasi muli nayo."

Anafukula m'katoni mpaka anapeza sizasi, chipeso ndi nsalu. Anamukhazika pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, ena akuima kuti aonerere.

"Mpandowu mupita nawo kuti?" anafunsa phunguyo.

"Kunyumba. Alamu ako anena kuti ndiuike kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala."

"Makasitomala adzafika kumeneko?"

"Ena adzafika. Amene sanaonere kanema."

Sizasi inalira kwa kanthawi.

"Za sukulu zija," anatero a Lumo, "sindinanene kuti undibwezere."

"Munanena kuti ndikubwezereni, achimwene."

"Eya, ndinanenadi choncho." Anamupendeketsa mutu ndi zala ziwiri. "Usazimvere."

"Ndinazimva kale. Zimenezo ndinkazidziwa musananene."

"Ndiye khala bwino, usagwedezeke."

Kuti mbali ziwirizo zifanane, panafunika kutsitsa tsitsi lonse mpaka pafupi ndi khungu, ntchito imene makina akanaimaliza msanga. A Lumo anaigwira ndi sizasi ndi chipeso, pang'onopang'ono, kuyambira pamzere wokhota uja. Dalaivala wa galimoto ya katundu analiza hutala. Iwo anangomukwezera dzanja kuti adikire, napitiriza.