Tsiku limene ndinadzoza zigoba za bambo

Ndikukumbukira nkhaniyi bwinobwino, koma popeza anthu ena amati ndimathira mchere wambiri, nditchuliretu mboni. Yoyamba ndi mlongo wanga Tiyamike, yemwe pano ali ku Mzuzu ndipo sayankha foni. Yachiwiri ndi a Mutua, mlonda wa pageti pathu ku Lang'ata mu Nairobi, amene anaona zonse ali m'tulo. Yachitatu ndi bambo anga, kungoti iwo amakana chilichonse chimene sichinawakomere.

Bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo, koma Loweruka ankasanduka munthu wina. Anali ndi chiphaso cha mfuti, ndipo ankapita kukawombera chandamale ndi anzawo a kalabu. Mfutiyo anaigula kwa mzungu wina wokalamba amene anaipangitsa msinkhu wakewake. Zipolopolo zake sizinkapezeka m'sitolo iliyonse pansi pano, ndipo ndikulumbira, ngakhale kumwamba kulibe. Ndiye bambo ankatenga zigoba zamkuwa za zipolopolo za mfuti zina n'kuzipanikiza m'makina a chogwirira chachitali mpaka khosi lichepe, phewa lisunthe, zikwane mu yawoyo. Onga ankatsekera m'kabati yachitsulo, ndipo kiyi wake ndinadzamuona nditamera ndevu.

Ine Loweruka ndinkatsala kunyumba, kudula ndiwo zamasamba za sukuma ndi amayi. Ndinalira, ndinanyanyala, mpaka bambo anagonja. "Uumbe chigoba chimodzi chopanda chilema," anatero, "tidzapitira limodzi."

M'galaja munkanunkha simenti yonyowa ndi mafuta a injini, malata akunjenjemera ndege zing'onozing'ono zikamatsikira ku bwalo la ndege la Wilson. Chigoba changa choyamba ndinachilowetsa chouma, chinakakamira m'makinamo ngati nkhupakupa. Bambo anachitulutsa, thukuta kamukamu. Kenaka anandipatsa kachitini ka phula, n'kunena kuti ndipake zotsalazo iwo akubwera, akafike kaye ku msonkhano wa akulu a mpingo.

Tsono muyenera kudziwa amayi anga. Kwa iwo, mwana wotuwa anali manyazi a Amalawi onse okhala mu Nairobi. Lamlungu ankatidzoza mafuta kuyambira pamphumi mpaka kuchidendene, moti tikaima pamsewu madalaivala a matatu, maminibasi a kumeneko, ankatsitsa zotchingira dzuwa. Tiyamike anaterereka pabenchi ya tchalitchi kuchokera kumbuyo mpaka kukafika kwa oimba, ndipo anamulembera kwaya pompo. Ine ndinakulira m'sukulu imeneyo. Phula la bambo linatha pa zigoba zoyambirira, ndiye ndinakatenga botolo lalikulu la amayi. Chigoba chilichonse ndinachidzoza ndi chikondi: khosi, phewa, msana. Zinanyezimira moti a Mutua anadzuka kudzafunsa amene wasiya nyale zoyaka.

Ndinakoka chogwirira. Chigoba chinatuluka chili ndi tizibowo paphewa, ngati masaya a khanda likamaseka. Ndinaganiza kuti mafuta achepa, ndinawonjezera. Chachiwiri chinaseka kwambiri kuposa choyamba.

Bambo atabwera anaziyang'ana nthawi yaitali, Baibulo likadali m'khwapa.

"Mwana wanga, izi zikupita ku Sande sukulu?"

Anandifotokozera modekha kuti m'makinamo mulibe malo opuma. Mafuta akachuluka amasowa kothawira, ndiye amaphwanyira mkuwa m'kati. Anawerenga zotsala ndi maso, zinali zochepa zedi, ndipo zoterezi sankazitola pamsewu. "Basi, kasambe. Tidzayesa chaka chamawa."

Ndinakana. Ndinagwira mwendo wa tebulo ndi manja awiri, koma popeza manjawo anali ndi mafuta, ndinachita kuukumbatira ndi miyendo. Amayi anaitana kuti tiyi akuzizira, ine osasuntha. Bambo anapumira m'mwamba, anapukuta chigoba chimodzi ndi sanza n'kundipatsa.

Ndinakanda phula lotsala pansi pa kachitini. Ndinakhudza pang'ono, n'kupukuta chala pakabudula, n'kupukutanso, mpaka chigobacho chinaoneka chotuwa ngati mwana wopanda mwini. Mtima unandipweteka. Ndinakoka chogwirira pang'onopang'ono, ndikumva mkuwa ukugonja m'dzanja mwanga. Chinatuluka chosalala, phewa lowongoka. Bambo anachizunguza pa kuwala kwa pazenera kufunafuna chilema, anavala magalasi, anafunanso.

"Loweruka uvale nsapato zotseka," anatero.

Masiku ano galaja ija inasanduka chipinda cha lendi, ndipo kumene tinkaona mbidzi kuseri kwa mpanda kwadzaza nyumba zosanjikizana. Mfuti bambo anaipereka kuboma pobwerera kumudzi. Ana anga akafuna chinthu amadina foni, wanjinga yamoto n'kuchibweretsa pageti. Chikapanda kukwana amachibweza. Palibe wa iwo amene anakumbatirapo tebulo. Ine ndinapita Loweruka lija, ndinatseka makutu, ndinaona bambo akulowetsa chipolopolo cha chigoba changa, akulozetsa mosamala, akuwombera. Anaphonya chandamale ndi mtunda woti munthu akhoza kukwera matatu. Iwo anati inali mphepo. Koma chigoba anachitola, n'kuchionetsa kwa anzawo onse, mmodzimmodzi.