Nsanje ya Consolata wa pa Kamwendo

Consolata amagulitsa zitumbuwa pa Kamwendo. Ndi mayi waukhondo, wosalankhulalankhula, ndipo kale ankatchuka ndi chinthu chimodzi, kusamala mwamuna. Amuna akewo, a Pius, anali telala, ndipo kwa zaka zambiri ankadwala shuga ndi BP. Consolata ankawaphikira ndiwo zopanda mchere, tiyi wosatsekemera, mapiritsi n'kuchita kuwaikira m'manja ngati mwana.

Nyumba yoyandikana nawo munkakhala Madalo ndi amuna ake, a Jonasi, opalasa kabaza. Bambo amenewa ankakonda kachasu moti nthawi zina ankachita kuwatola m'ngalande.

M'chaka cha 2021, Covid itafika povuta, abambo awiriwa anadwala nthawi imodzi. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako kubanika. Onse anawagoneka ku chipatala cha ku boma, mabedi oyandikana. Akazi awo ankadikira panja atayala chitenje chimodzi. Consolata ndiye ankamulimbitsa mtima Madalo, koma chamumtima anali ataweruza kale kuti thupi lotha ndi mowa silingapulumuke.

A Jonasi anatuluka m'chipatala akuyenda okha. A Pius anamwalira ali pa makina a mpweya.

"Zatheka bwanji, anesi?" Consolata anafunsa Wezzie, namwino amene ankawasamalira. "Amuna anga mowa sanaulawepo."

"Mayi, shuga ndi BP zimafooketsa thupi mwakachetechete," anayankha Wezzie. "Kachilomboka kakapeza munthu wotero, mapapo ndi mtima sizichedwa kutopa. Anzawowa analibe matenda amenewa, komanso ndi ocheperapo zaka. Inu simunalakwitse chilichonse."

Mawuwo anawamva, koma sanamufike pamtima.

Pa maliro Madalo anagwira ntchito ngati m'bale weniweni, kutunga madzi, kuphikira alendo. Consolata anathokoza pakamwa pokha. Akawaona a Jonasi atanenepanso, akuseka pa msewu, ankayang'ana kumbali. Malaya awo ali pa chingwe ankamupweteka m'maso. Ngakhale mikangano yawo ankaisirira. Madalo akamakalipa kuti bambowo abweranso ataledzera, Consolata ankasiya kutsuka mbale n'kumamvetsera, akudzifunsa kuti iye akalipire ndani.

Tsiku lina ali ku mjigo Madalo anadandaula. "Asisi, abambo awa anditopetsa. Bola kukhala ndekha."

Consolata anatula ndowa pansi. "Kukhala nokha mukukudziwa inu? Ine ndinasamala, n'kukaika m'manda. Inu simunasamale, koma mukudya awiriawiri. Musadzandiuzenso zimenezo."

Madalo anasenza madzi ake osadzaza, n'kumapita.

Madzulo ake Consolata anachita manyazi, koma kukapepesa sanapite. Mpaka lero amapatsana moni, ku tchalitchi amagwirana chanza, basi zimathera pomwepo. Chaka chatha Consolata anamanga mpanda wautali wa udzu pakati pa nyumba ziwirizo. Akamufunsa amati nkhuku za Madalo zimamuthera mpiru.