Dzanja Lamanzere la Telala

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, telala uja analephera kumanga mabatani a malaya ake omwe. Munthu amene anasokapo masuti a akwati osawerengeka anangoima ngati mwana, mkazi wake akumumangira. Sitiroko inali itafoola dzanja lake lamanja. Pakamwa panali patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera.

Asanadwale, moyo wake wonse unali pa makina. Ankangodzuka n'kuthamangira kushopu, tepi ili m'khosi. Kupemphera ankati ndi ntchito ya anthu opanda zochita.

Tsopano shopu inatsekedwa. Makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, ena osalowa n'komwe m'nyumba kudzamuzonda. Iye ankangokhala pafupi ndi zenera, kuyang'ana makina ake atafunditsidwa nsalu pakona.

Dokotala anali atamuuza kuti aziwerenga mokweza m'mawa uliwonse kuti lilime limasuke. Mkazi wake anatenga Baibulo, n'kulipukuta fumbi, n'kumuikira pamiyendo.

"Mayi a ana, chotsani ichi," anatero movutikira. "Mulungu wanditaya."

"Akanakutayani bwenzi pano tikukhuza maliro anu," anayankha mkaziyo. "Werengani, bambo. Kale lija munkalongolola tsiku lonse, lero mzere umodzi ukukanikeni?"

Anatsegula Masalimo monyinyirika. Mzere umodzi ankalimbana nawo mpaka tiyi kuzizira, malovu akudonthera pachibwano. Poyamba ankawerengera lilime basi. Koma m'menemo anakumana ndi anthu olira ngati iye, ofunsa Mulungu mafunso amene iye ankangowameza.

M'mawa wina anatseka bukulo, misozi ili mbwembwembwe.

"Ambuye, ndinakusandutsani chigamba, chokumbukiridwa pokhapokha pakang'ambika. Ndatsala ndi dzanja limodzi. Litengeni, ndi lanu."

Kuyambira pamenepo, asanamwe tiyi, asanatsegule wailesi, ankayamba wawerenga Mawu ndi kupemphera. Akatha apo ankagwira sizasi ndi dzanja lamanzere n'kumadula manyuzipepala akale. Zala zinatuluka matuza. Tsiku lina anaponya sizasiyo kukhoma chifukwa cha ukali. Kutacha anatsegulanso Baibulo, kenako n'kukaitola yekha.

Ntchito yoyamba inachokera kwa mlamu wake, amene anabweretsa thalauza kuti alifupikitse. Mwendo wina unafupika kuposa unzake.

"Musadandaule, alamu," anatero mwini thalauza akuseka, "ndiziyenda chopendekera."

Telalayo anaseka nawo, koyamba chidwalireni. Anasomola ulusi, n'kuyambiranso, mpaka miyendo inalingana.

Pang'onopang'ono kunabwera mayunifolomu a ana a sukulu, kenako madiresi. Phazi linkapalasa makina, dzanja lamanzere likuwongolera, lamanja lofooka lija likupsinja nsalu kuti isathawe. Walira mvula walira matope: panali masiku amene thupi linkakana, ntchito n'kuchedwa, anthu n'kumunena. Koma sanalumphepo m'mawa wake ndi Mulungu.

Lero shopu ija ndi yotsegula. Muli makina angapo, ndipo amene amaphunzira kusoka m'menemo ndi anthu olumala omwe ena anawakana. Chitseko sichitsegulidwa asanawerenge Mawu ndi kupemphera limodzi.

Mayi wina wodzayesa diresi anayang'ana dzanja lolendewera lija n'kufunsa, "Pepanitu bambo, nanga ndi kupemphera konseku, bwanji Mulungu sanakuchizeni?"

Telalayo anachotsa mapini pakamwa.

"Mayi, ine ndinkapempha dzanja. Iye anaona kuti chodwala kwambiri ndi mtima, ndiye anayambira kumeneko."

Mwina nanunso mwakhala pansi, mukuyang'ana chimene chinakutherani m'manja. Mawa mukadzuka, musayambe ndi kuwerenga mabala anu. Yambani ndi Mulungu, ngakhale ndi mzere umodzi wokha, ngakhale mawu akunjenjemera. Chimene mwatsala nachocho mpatseni. Osataya mtima, Iye sanamalize nanu.