Moni wa pamzere wa mabeseni

Beseni lija linali lapulasitiki yolimba, lonunkha usitolo, ndipo m'kati mwake pansi munali nkhope ya munthu akumwetulira. Ukathiramo madzi nkhopeyo inkagwedera ngati ikukuseka. Ndinalinyamula pamutu kuchoka nalo pabwalo la sukulu mpaka kunyumba, ndikunyada ngati ndapambana mayeso, amayi akubwera pambuyo panga chimanjamanja. Ndinali mu Sitandade 3 nthawi imeneyo, kwathu ku Chitimba.

Amayi anali a ku Dowa. Anabwera kunyanja chifukwa cha ukwati, ndipo bambo atamwalira anatsala pamudzi pa apongozi awo, akuyanika usipa pathandala n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Chitumbuka ankachimva chonse, ngakhale miseche, koma lilime lawo linkakana. Akalankhula ndi munthu amene amulemekeza, pakamwa pawo pankatuluka Chichewa osadziwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna. Ng'ombe za lobola zinapita kale ku Dowa, choncho ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinali a bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Amayi anali ongotisunga.

Chaka chimenecho anthu awiri ankalimbirana mpando wa phungu. Wina ankadzitcha mwana wa pano. Winayo anabadwiranso konkuno, Chitumbuka chake chosalala, koma bambo ake anachokera m'chigawo chapakati kudzaphunzitsa, basi mlandu wake unali umenewo. Bambo aakulu anali kumbali ya mwana wa pano uja. Ankayenda pa lole ndi chimkuzamawu, mawu atasasa, akukuwa kuti obwera abwerere kwawo. Ife ana tinkathamangira loleyo fumbi lili kobo, tikuimba nawo. Nyimbo zake zinali zokoma, ndisaname.

Tsiku la mabeseni dzuwa linaswa mtengo. Azimayi anandanda pabwalo la sukulu, mchenga ukuwotcha mapazi, ana akulira kumbuyo. M'beseni lililonse munali shuga ndi sopo. Anyamata ogawa, a mwana wa pano uja, sankafunsa dzina. Ankangokupatsa moni wa m'mawa m'Chitumbuka kuti, “Mwawuka uli?” Ukayankha kuti, “Nawuka makora,” ankakukumbutsa nkhope yoti ukaichonge, beseni n'kukupatsa. Itafika nthawi ya amayi, anapinda mawondo, manja pamodzi, mwaulemu wa kwawo.

“Ndadzuka bwino, kaya inu?” anatero amayi.

Kuseka kwake! Mnyamata uja anawakankhira pambali ndi chigongono, nati beseni lawo akalandire ku Dowa. Kenaka anawerama n'kundipatsa ine moni womwewo. Ndinayankha bwinobwino, poti Chitumbuka ndinakula nacho. “Uyu ngwithu,” anatero, kutanthauza kuti uyu ndi wathu, n'kundisenzetsa beseni. Bambo aakulu anali chilili pa lole. Anaona zonse, koma anayang'ana kumbali. Mpaka lero ndikakumbuka, mtima umandiwira. Mayi amene anadwazika mng'ono wawo mpaka kumutseka maso, kumukaniza beseni chifukwa cha moni!

Mwana wa pano anapambana. Wogonja uja anakasuma kukhoti lalikulu ku Mzuzu kuti mnzakeyo anagula mavoti ndiponso anagawanitsa anthu ndi mitundu. Maloya atabwera kudzafuna mboni, mudzi wonse unasanduka wosalankhula. Mabeseni anali mbwee pamakonde, ena akuchapiramo, ena akutsukiramo usipa, koma palibe amene anaona munthu akugawa. Aphunzitsi athu, bambo owonda oyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe, ndi amene anabwera kudzapempha amayi kuti akanene zimene zinawachitikira. Ananena kuti dziko silingakonzeke aliyense akatseka pakamwa. Iwowo sanakaime kukhoti, ankaopa ntchito.

Bambo aakulu atamva, anabwera amayi akutembenuza usipa. Sanakhale n'komwe pansi. “Mlamu,” anatero, “mukakwera basi ya ku Mzuzu, mupitirire konko. Koma ana ndi athu, sakwera nawo.” Amayi anapitiriza kutembenuza usipa, mamba atawamatirira m'mikono.

Anapita ndithu. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake, ndipo masiku ena ndimawakwiyira, chifukwa anadziwa chimene akutaya. Sanali munthu wa ndale, mwina ngakhale wogonjayo sanamuvotere. Ndikuganiza kuti ankangofuna kuti pakhale malo amodzi pamene angalankhule Chichewa chawo anthu n'kukhala chete kumvetsera. Amene analiko anasimba kuti anafotokoza zonse osanjenjemera, mpaka kutsanzira moni uja, oweruza akulemba.

Atabwerako, pathandala pawo panalibenso wogula. Azimayi amene ankaimba nawo kwaya ankasuntha pabenchi. M'mawa wina tinapeza thandala litagwetsedwa, usipa uli mumchenga, nyerere zili piringupiringu. Achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango, nagamula kuti mkazi amene wanyazitsa banja pamaso pa boma sangakhale pamudzi. Akulu a mpingo anabwera, anapemphera pemphero lalitali, nabwerera osanenapo kanthu. Amayi ananyamuka mvula yoyamba itangogwa, nthaka ikununkhira. Anandimeta tsitsi kaye, nandiuza kuti ndizimusambitsa mlongo wanga kuseri kwa makutu. Minibasi itaima, kondakitala anawakankhira m'kati ndi chikwama chawo, ndipo sindinaone ngati anacheuka.

Chigamulo chinatuluka chimanga chili m'mawondo. Khoti linafafaniza zotsatira zija n'kulamula chisankho china. Pano ndikudziwa zimene zinatsatira: mwana wa pano anapambananso, ulendo uno osagawa poyera, ndipo wogonja uja, amene amayi anatayira ana awo pomuchitira umboni, sanafunseko n'komwe kuti mayi uja ali kuti. Amayi ndinadzawaonanso ndili mtsikana wamkulu, Chichewa changa chitalemera ngati mmene chinalili Chitumbuka chawo, tikupatsana moni ngati alendo.

Koma tsiku limene chigamulo cha khoti chinatuluka sindinkadziwa zonsezi. Aphunzitsi anandiitana panja pa kalasi, kawailesi kali m'manja, maso akuwala. “Amayi ako awina mlandu,” anandinong'oneza. Ndinalumpha. M'mutu mwanga munthu wowina mlandu amabwerera kwawo, womulakwira n'kupepesa. Ndiye ndinawagwira dzanja aphunzitsiwo, n'kuwafunsa kuti oweruzawo abwera liti ku Chitimba kudzawauza bambo aakulu, kuti ndisese m'nyumba amayi asanafike. Aphunzitsi anazimitsa kawailesi kaja, nandiuza kuti ndibwerere m'kalasi.