Nkhope ya Tapfuma M'thumba la Tisheti

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sindine mlembi, ndine mphunzitsi chabe, ndipo zomwe sindinazione ndekha ndachita kufunsa kawiri kwa eni ake.

Mai Nyarai ndi telala wa ku Chitungwiza. Mkati mwa sabata amasoka mayunifolomu a ana asukulu. Loweruka amanyamula tebulo lopinda ndi chikwama cha matisheti, n'kukakhala pakhomo paliponse pomwe gulu la nyimbo za chamba cha sungura la Mudhara Chikwature likuimba. Malowo anawapeza kudzera mwa mlongo wawo wamng'ono, Tapfuma, yemwe ankaimba gitala ya besi m'gululo.

Matisheti awo amakhala ndi nkhope za oimba onse, ndipo ya Tapfuma inali kumanzere kwa chifuwa. Tsono atsopano atangofika kuchokera kodinda, Tapfuma anasamukira ku gulu lina lomwe linamulonjeza gitala yakeyake. Oimba amasamuka chonchi, koma eni magulu sakhululuka msanga.

Lachisanu Chikwature anaima pakhomo pa Mai Nyarai, zimkuzamawu zopita nazo ku Marondera zitamangidwa kale padenga la minibasi.

"Mai Nyarai, nkhope ya mlongo wanuyo ndisaione mawa. Ndikaiona, tebulo lanu mukaliike kwa mabwana ake atsopanowo."

"Nanga nditani, Mudhara? Ndiboole pachifuwa, anthu azivina bere lili pamtunda?"

"Zimenezo n'za atelala. Ine yanga n'kuimba."

"Popanda besi? Mawa muzikangolira ngati mbuzi yomangirira."

Chikwature sanaseke, anakwera minibasi.

Wodinda uja anati angathe kupaka utoto wakuda pankhopeyo. Mai Nyarai anakana. Tebulo ankalifuna, chifukwa ndi lomwe limadyetsa ana masukulu akatseka, koma mlongo wawo amene anamulera pamsana sakanamudetsa ndi utoto. Anatenga zotsala za nsalu ya yunifolomu, nasokerera thumba pankhopepo, tisheti iliyonse.

Loweruka masana, mu holo ya ku Marondera, anyamata ankayesa zimkuzamawu, wa besi watsopano akusochera m'nyimbo. Chikwature anadutsa pa tebulo, anaona matumba, anagwedeza mutu movomereza n'kupita.

Anthu atayamba kulowa, mayi wina wogula anapisa zala m'thumba kuti aone kuya kwake, kenako anasuzumiramo.

"Iii, anthuni! Tapfuma ali muno!"

Anthu anaunjikana, aliyense akutsegula thumba. Bambo wina anafuulira m'kati mwake: "Tuluka iwe, besi yafa uko!"

Phokosolo linabweza Chikwature. Anatola tisheti imodzi, anakoka thumba ndi chala, nayang'anamo nthawi yaitali. Mai Nyarai anali atagwira kale mwendo wa tebulo, kuti akauzidwa apinde.

"Ndinati ndisamuone."

"Mwachita kusuzumira nokha, Mudhara. Ine ndinamuphimba."

Besi inaphonyanso kumbuyoko. Chikwature anatembenukira komweko, nkhope itakwinyika, kenako anabweza tishetiyo pa mulu.

"Akhale momwemo," anatero, n'kubwerera kwa oimba ake.

Tebulo silinapindidwe, ndipo mpaka pano Mai Nyarai amakhalabe pakhomo pomwe gululo likuimba. Tapfuma sanabwerere.

Inenso ndinagula imodzi tsikulo, ndi maganizo oti ndikafika kunyumba ndikasomole thumbalo ndi lezala, nkhope ionekere. Ndaganiza zosatero. Ndiziivala monga momwe anaisokera.