Ambulera wa Mawaya Asanu ndi Atatu

Zotsatira za mayeso zitatuluka kachiwiri, dzina lake panalibe. Masamu ndi amene anamugwetsanso. Analongedza mabuku m'katoni, ndipo mawa lake anakakhala pakhonde la sitolo ya amalume ake n'kumakonza maambulera othyoka. Posakhalitsa dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti Nambulera.

Mvula ikamagwa, ankaimika singano n'kumayang'ana mumsewu. Maambulera ankayandama pamwamba pa mitu ya anthu ngati maluwa oyenda. M'maganizo mwake ankaona ambulera wina wamkulu, wachikasu, woti banja lonse n'kukhala pansi pake.

"Iwe, maloto sadyedwa," amalume ake ankatero akuseka. "Soka!"

Tsiku lina mayi wa lesitilanti anabwera ndi chitsulo cha ambulera wamkulu wa panja, cha mawaya asanu ndi atatu, komanso nsalu yokwana maambulera awiri.

"Ukakhoza uyu, ena khumi usoka ndiwe," anatero mayiwo.

Nambulera anadula mongoyeza ndi maso, n'kusoka. Potsegula, m'mphepete munachepa, nsalu inang'ambika kuti kwee! Inatsala yokwana mmodzi basi.

Masiku atatu sanaikhudze. Lachinayi kunabwera bambo wina wachikulire, amene kale ankagwira ntchito yoyeza malo, kudzatenga ambulera wake. Anamupeza Nambulera atagwira tsaya, chitsulo chija chili chitsegukire.

"Mwanangu, kuzungulira m'mphepetemu ndi mamita angati?"

"Sindidziwa, bambo. Masamu ndi ine sitimwerana madzi."

Bamboyo anatola choko n'kujambula pa simenti. Anamuonetsa kuti pakati pa mawaya awiri alionse pabisala kachidutswa ka makona atatu, ndipo tonse tisanu ndi titatu n'tofanana ngati mapasa.

"Kuzungulira mtengo wapakatiwu ndi madigiri 360. Ugawire mawayawa."

"45," anayankha monong'ona.

"Theka lake?"

"22.5."

"Funsa foni yako sayini wa nambala imeneyo, sayini uja wa m'masamu a kusukulu. Kenako uyeze molunjika kuchoka pa mtengo kufika kunsonga ya waya, uchulukitse kawiri, uchulukitsenso ndi sayiniyo."

Tepi inati mamita awiri. Nambulera anapeza kuti mbali imodzi ndi mita 1.53, ndipo mbali zonse pamodzi ndi mamita 12 ndi kota. Anayeza pakati pa nsonga ziwiri kuti atsimikize. Zinali ndendende! Sayini yemwe uja amene anamuliza m'kalasi anali atakhala phee m'manja mwake nthawi yonseyi.

Sabata yonse anayeserera pa mapepala, kudula ndi kutaya, mpaka nsalu yomaliza anaidula mtima uli m'malo. Mayi wa lesitilanti atakweza ambulerayo, nsalu inatambasuka pang'onopang'ono, n'kugwira nsonga zonse popanda khwinya. Mthunzi unagwa pa matebulo atatu.

"Ndiwe amene wasoka izi?" amalume ake anafunsa, chipewa chili m'manja.

Lero Nambulera ali ndi chipinda chake chosokeramo, makina anayi ndi amayi asanu amene amawaphunzitsa kudula. Wina akanena kuti mutu wake sugwira masamu, iye amangomupatsa choko ndi tepi.

Inu amene pepala la mayeso linakuuzani kuti ndinu olephera, dziwani kuti pepalalo linaona tsiku limodzi lokha la moyo wanu. Mwina phunzirolo likukudikirani pa ntchito ya manja anu. Liyeseninso, ndipo mtima wanu musautaye.