Ndege Ingaime Pati?

Chizindikiro choyamba chinali phuma. M'mwezi wa Okutobala, ndikuchokera padoko ndi dengu la milamba pamutu, ndinaima katatu kuti ndipume. Ndinangoti ndi kutentha kwa kwathu ku Mlolo kuno. Pofika Febuluwale miyendo inali itatupa, kugona chagada kosatheka. Ku Blantyre atandijambula anati mtima wanga wawonongeka mkati, ndipo opaleshoni yake ndi ya ku India. Anandipatsa mapiritsi okodzetsa kuti madzi asadzaze m'mapapo. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri dzina langa lisanatuluke pa mndandanda wa odwala opita kunja.

Tsiku limene anandiimbira foni ndinaimba nthungululu pakati pa msika. Ine, wogulitsa nsomba, pandege! Namwino wotiperekeza anatifotokozera ulendo: maola pafupifupi anayi kuchoka pa Chileka kukafika ku Addis Ababa, kenaka ena asanu kuwoloka nyanja mpaka ku Mumbai, makilomita oposa 6,000. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Madzi akasefukira, kungofika pa Chileka pompa kumandidyera tsiku lathunthu: bwato, kabaza, minibasi.

Koma nzeru za minibasi zomwezo zinatsala pang'ono kundipha. Ife azimayi a geni timadziwa kuti ukakhala ndi ulendo sumwa madzi, poti dalaivala saimira munthu. Nanga ndege ingaime pati? Mapiritsi aja ndinawasiya masiku awiri, osauza munthu. Manyazi!

M'ndege yoyamba ndinangoti maso pazenera, Shire yense akuoneka ngati ulusi. M'yachiwiri, tili pamwamba pa nyanja, chifuwa chinathina. Ndinachita mantha kwambiri, ndikuganiza za ana anga atatu. Namwino atandifunsa za mapiritsi, ndinaulula.

“Mayi inu! Chimbudzi si icho kumbuyoko?”

Anandimwetsa mapiritsi pomwepo, ogwira ntchito m'ndege nandiika mpweya wa m'botolo. Kunali kutatsala maola atatu, ndipo kumeneko kulibe siteji yotsikira.

Ku Mumbai ndinagona masiku asanu ndi atatu akuchotsa madzi, akundiyeza kulemera m'mawa uliwonse, opaleshoni itaimitsidwa. Dokotala anati kukanakhala kuti ulendo unatalika pang'ono, bwenzi tikunena zina. Opaleshoni inayenda bwino. Patatha masiku anayi chichitikireni opaleshoniyo ndinayenda ndekha mpaka kukhomo la wodi, ndipo ndinalira ndi chimwemwe. Pobwerera ndinamwa tiyi aliyense amene ankadutsa, chimbudzi chija ndikuchidziwa bwino lomwe.

Lero ndimamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo ndimakayezetsa magazi mwezi ndi mwezi. Dengu sindisenzanso, koma pamsika ndimafika, ndipo mawu anga oitanira makasitomala abwerera onse.

Anzanga, phuma likayamba musanamizire dzuwa, thamangirani kuchipatala. Ndipo zimene simukuzidziwa funsani, ngakhale zikhale za kuchimbudzi. Funso la mawu anayi, “Kodi m'ndege muli chimbudzi?”, ndinaliopa ine, pang'onong'ono ana anga akanalandira bokosi pa Chileka.